Chifukwa Chake Amati Pamkamwini

Ana inu, kokerani mkekawo kuno kumthunzi. Iwe Tamanda, kafoniko kaike m'thumba, sikathawa. Mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene anyamata a kabaza amanenera kuti "Pamkamwini" akamatchula pamtunda paja pali zikhomo zofiira. Ndikudziwa kuti agogo anu aakazi anakuuzani kale mbali yawo, ndipo mbali yawoyo ili ndi zolakwika zambiri. Lero mumve kwa amene zinamuchitikira. Ine sindinama. Ndikanama, dzino ili liguluke. Chiko, usandisuzumire m'kamwa choncho, enawo anachoka ndi nzimbe.

Kwathu ine ndi ku Lisasadzi. Kuno kwa Wimbe ndinabwera ndi bulangete, khasu ndi jekete yobwereka, kudzakwatira agogo anu aNabanda. Inu a masiku ano mukakwatira mumathamangira kutauni kukachita lendi, ndiye chikamwini mumangochimva. Mkamwini ndi mwamuna wokhala kwawo kwa mkazi. Nyumba amamanga yekha, koma si yake. Ana amabereka, koma ana ali ndi amalume awo. Nkhuku ikamuponda phazi, wopepesa ndi iyeyo, chifukwa nkhukuyo inabadwira pomwepo.

Apongozi anga, amayi awo a agogo anu, nkhope yawo sindinaionepo bwinobwino. Nthawi imeneyo mukakumana panjira ndi apongozi, wina amapatukira kumanja, wina kumanzere, moni n'kumapatsana mutafulatirana. Ine ndinkawazindikira ndi zidendene ndi kakhosomoledwe. Tsiku lina ndinagwadira chitsa cha msuku kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndikuyesa ndi iwo. Ndinangodabwa kuti lero akoma mtima bwanji, sanandinene kanthu.

Mwambo unali woti mkamwini amamupatsa munda woti aonetserepo mphamvu zake. Anzanga anawapatsa kumunsi, dothi lakuda, lofewa ngati chigumu. Ine apongozi anaima kuseri kwa nkhokwe, n'kuloza ndi mlomo pamtunda paja. "Ukowo ndi wake," anatero. "Alime mpaka atatopa."

Pamenepo panalibe dothi, ana inu. Panali nsangalabwi zokhazokha, pakatipakati kaufiti. Khasu langa lija ndinapita nalo m'mawa lili lalikulu ngati lichero, madzulo ndinabwera nalo lili ngati supuni ya tiyi. Ukamenya pansi moto unkathetheka, moti mbewa ndinkawauliratu pomwepo popanda machesi. Chimanga chimene chinamera chaka choyamba, mbewayo inkachita kugwada kuti ithyole. Ndinalimbana nawo mundawo zaka ndi zaka, n'kumatola miyala. Ukatola mwala umodzi, mawa upeza wabwera ndi abale ake. Potsiriza ndinangomangapo chigafa changa choyanikiramo fodya, poti pamalo pouma fodya sachita nkhungu. Mphanda zake zinali za muwanga, ndinachita kuzisenza pamapewa awa, ndipo chiswe chinkangozinunkhiza n'kubwerera chikulira. Fodya weniweniyo ndinkalima m'munda wa agogo anu, nazale kudambo.

Dambo ilo mukuliona kumunsiko, inu mumangoti n'kokagwira achule. Ife mudzi wonse timapumira m'menemo. Kukatentha, minda yonse ili mbee, kumeneko n'kumene kuli zitsime, madimba a mpiru ndi tomato, udzu wofolera, mtsiro wozirira m'nyumba. Nazale za fodya zonse zimakhala kumeneko, poti mbande imafuna madzi m'mawa ndi madzulo ngati mwana wakhanda. Lero muli ndi makheni a m'sitolo. Ife tinkatenga chitini cha palafini, kuchiboola ndi msomali, madzi ena kuthirira mbande, ena ambiri kuthirira miyendo. Miyendo yangayi inatalika chifukwa chimenecho. Ndinabwera kuno ndili wamfupi.

Nkhaniyi ikukhudza sitima ya pamtunda, ndipo za sitima ndiye ndinkazidziwa kale, musandione chonchi. Masiku amenewo fodya ukamudinda pajeke, mabelo n'kukweza pa lole, mwini wake unkakwera pamwamba pa mabelowo mpaka ku Lilongwe, mbatata yootcha m'thumba, thobwa m'chigubu. Pofika kumeneko fumbi litakukuta moti ogula ankafuna kukuika pasikelo nawenso. Kumeneko ndi kumene ndinaona sitima koyamba. Mutu wake utadutsa ndinagula chinangwa, ndinadya, ndinagona pang'ono, ndinadzuka, ndinameta ndevu, mchira usanafike. Nditabwera kudzanena kuno anthu anati ndikunama. Anthu a kuno ndi ovuta kuwauza zoona.

Tsono za zikhomo. Inali nyengo ya nazale, iwe Chiko uli kumsana kwa mayi ako. Ndikuthirira mbande, ndinangoona galimoto yoyera yaima m'mbali mwa dambo. Munatuluka anthu ovala majekete owala ngati dzungu lakupsa, atanyamula chipangizo cha miyendo itatu chosuzumirira. Wowatsogolera anali mzimayi wachitsikana, nsapato zake zazikulu ngati za msilikali. Anati dzina lake ndi NyaGondwe, ndipo Chichewa chake chinkachita kuimba, chosonyeza kuti ndi wa kumpoto.

Anandipatsa moni mwaulemu, n'kufunsa kuti, "Adada, kodi ndinu eni malo ano?"

Mumvetse, kwawoko mkazi ndiye amapita kwawo kwa mwamuna. Akaona munthu wa imvi ataima m'munda, amadziwa kuti wapeza mwini wake. Ine ndinayankha zoona zokhazokha. Ndinati, "Ine ndine mkamwini pano." Koma taonani m'kamwamu. "Mka" uja anatulukira pagweru apa, mphepo n'kupita naye. Chimene chinafika m'khutu mwa mwana wa eni ake chinali chakuti, "Ine ndine mwini pano." Kodi pamenepa wolakwa ndine kapena nzimbe?

Anavula chipewa. Anandifotokozera kuti akuyeza modzadutsa njanji yonyamula fodya ndi chimanga, ndipo cha kuno pakufunika malo omangapo siteshoni. Anali ataona malo awiri: m'mbali mwa dambo, poti m'posalala, ndi kumtunda kuno kumudzi, poti n'kufupi ndi msewu. Anafuna kumva kwa eni malo kuti damboli limakhala bwanji mvula ikagwa.

Eni malo. Kuyambira tsiku lomwe ndinatsitsa bulangete langa m'mudzi muno, palibe anandiitanapo choncho, ngakhale galu. Mawuwo analowa m'khutu ngati uchi. Komanso ndinayang'ana mbande zanga, zili biriwiri, ndi madimba a amayi onse aja, n'kuganiza za chisitima chija cha ku Lilongwe chitakhala pamwamba pake. Ndiye ndinamuuza mbiri ya damboli monga ndimaidziwira.

Ndinamuuza za ngolo ya malemu a Sandalamu, imene inatitimira pamenepo ndi ng'ombe zake zomwe, moti mpaka lero mvula yoyamba ikagwa zimamveka zikulira pansi. Ndinamuuza za njinga ya mphunzitsi wina, imene inamira pakatikati apo n'kukatulukira mumtsinje wa Dwangwa, belu likulirabe. Ndinamuuzanso kuti udzudzu wa pamenepo timaukola ndi misampha ya mbewa. Mwanayo anali woleredwa bwino. Sanaseke, ankangogwedeza mutu, ngakhale anyamata ake anayamba kukhosomola onse nthawi imodzi.

Kenaka anafunsa za kumtunda. Ndinati kumtundako n'kolimba, sitima itha kuvinako osatitimira. Anafunsa ngati ndikuloleza kuti akayezeko. Munthu wakuvulira chipewa ungamukanize? Ndinati kayezeni.

Anaboola pansi ndi chitsulo chawo m'dambomo, anasuzumira uku ndi uku, anapita. Ine ndinabwera kunyumba ndikuimba mluzu, dambo nditalipulumutsa ndekha.

Patapita masiku ochepa, ndikuchokera ku nazale, ndinapeza pabwalo pano patamera zikhomo zofiira. China pakhomo pa khitchini. China patsinde pa mango awa takhalapowa, amene anabzala apongozi. China chinali m'bafa mwenimweni, pamwala poimapo posamba. Zina zinapitirira mpaka kwa achemwali awo a agogo anu. Ndipo okhomawo anali atauza amayi onse, mwaulemu ndithu, kuti asadandaule, eni malo anavomereza kale, adada aja a kheni.

Tsiku limenelo agogo anu anakwiya zenizeni. Analowa m'nyumba, anatsegula sutikesi ya pansi pa bedi, n'kutulutsa bulangete lija ndinabwera nalo, limene ine ndinkayesa linatha kalekale. Analichapa, analiyanika, litauma analipinda bwinobwino n'kuliika pampando pakhonde apo, kakhasu kotha pamwamba pake. Inu simungadziwe, koma mkamwini aliyense akaona bulangete lake lili pakhonde safunsa tanthauzo.

Ndinayesa kuseka. Iwo anati, "Michombo ya ana anga onse inakwiriridwa pabwalo pano. Zikhomo izi zikakhala, inu muchoka. Zikachoka, tikambirana. Minibasi za ku Lisasadzi zimayenda tsiku lililonse."

Apa ndiye musaseke, Tamanda. Ku Lisasadzi ndikanafikira kwa yani? Ondidziwa kumeneko onse ali kumanda. Munda wa amayi anga akulima ndi adzukulu a achemwali anga, amene akandiona amandifunsa kuti mukufuna ndani, agogo. Munthu ukakhala nthawi yaitali kuchikamwini, kwanu kumatha osakuuza. Ndinalibe kwina koposa pakhonde pomwe panali bulangetelo.

Ndinaganiza zokapeza NyaGondwe n'kumuuza kuti dambo lija lasintha, ng'ombe zija zinatuluka, pansi pauma. Koma amayi a madimba anamva ndisanavale n'komwe nsapato. Anabwera ndi makheni awo m'manja, n'kundiuza modekha kuti ndikapereka dambo adzandiponya momwemo ndikaone ngati ng'ombe za a Sandalamu zili bwino. Kuzula zikhomo nakonso kunali koopsa, poti zinthu za boma sizizulidwa ngati chinangwa. Ndinangokhala pakati, kumunsi amayi a makheni, kumtunda bulangete.

Amene anasangalala kwambiri ndi alamu anga a Yesaya, achimwene awo a agogo anu, omwe ndiwo eni mbumba yonse ino. M'mawa uliwonse ankadutsa dala pano, n'kuvula chipewa mpaka m'mawondo. "Mwadzuka bwanji, eni malo? Ndimati ndipemphe kaye, ndingadutse panjira yanuyi?" Posakhalitsa mudzi wonse unatengera. Kutchalitchi akundisiyira mpando wakutsogolo. Ngakhale tambala ankandilirira mosiyana.

Msonkhano unachitikira pabwalo la sukulu, Loweruka masana, amayi pamikeka mbali iyi, abambo pamabenchi mbali iyo. NyaGondwe anaima n'kufotokoza bwino lomwe. Anati dambo alisiya, chifukwa chitsulo chawo chinapeza madzi pafupi kwambiri, komanso dambo lili ngati nkhokwe ya madzi: ukalikwirira ndi miyala, zitsime zimauma m'chilimwe, ndipo mvula ikagwa madzi osowa kolowera amabwera m'nyumba za anthu. Za ngolo sanatchule, koma ine ndinaona ndi maso anga chitsulocho chikutuluka ndi kachingwe ka goli. Anangochita manyazi kunena pagulu.

Anatinso nyumba za anthu safuna kuzigumula ngati pali pena. Zikhomo zija n'zoyezera chabe, palibe chatsimikizika. Chimene akufuna ndi malo olimba, ouma, osalala, oyandikira msewu, opanda nyumba ndi manda. Atatero anatembenukira kwa ine. "Adada, poti ndinu eni malo, mungatithandize?"

Alamu anga anali akudikira mawu amenewa ngati mvula. Anaimirira pang'onopang'ono, anakonza jekete, n'kufotokozera mlendoyo kuti bambo amenewa ndi mkamwini, anabwera ndi bulangete, ndipo kuno malo ndi a amayi. Kuseka kwake, ana inu, mango osapsa anayoyoka pasukulu ponse. NyaGondwe anagwira pakamwa. Anapepesa, anachoka kutsogolo kuja n'kukakhala pamkeka pakati pa amayi, nsapato zausilikali zili tambalale. Apa m'pamene nkhani yeniyeni inayamba.

Koma malo anavuta. Wina akatchula tsala la uje, mwini wake ankadzuka n'kunena kuti amafuna kubzalapo mtedza chaka chomwe chino. Minda imene inakhala zaka osaona khasu, tsiku limenelo inapeza oikonda. Apa pali chitsime, apo panagwera agogo a wina, uko n'kumene mbuzi zimakonda kugona. Dzuwa linayamba kupendeka, ndipo ine ndinkangoona bulangete lija m'maso.

Ndiye agogo anu anatsokomola. Anati malo alipo, pamtunda pa nsangalabwi, pamene pali chigafa. Anthu anayang'anana, poti palibe anaganizako kuti pamenepo ndi malo. A Yesaya analumpha msanga, akuti eya, pamenepo ndi pa mbumba yathu, palibe chomera, tengani lero lomwe.

"Achimwene, khalani pansi," anatero agogo anu. "Pamenepo si panu. Amayi anati ndi wake, ine ndinalipo, ndikupeta mphale. Makasu amene athera pamiyala ija si anu. Muwafunse eni ake."

NyaGondwe anasokonezeka, mwana wosauka. Anafunsa mwamantha kuti tsono eni akewo ndani.

"Omwewo," anatero agogo anu, akuloza ndi mlomo, ndendende ngati amayi awo.

A Yesaya anakhala pansi ngati thumba la feteleza. Ine ndinaimirira. Ndinadziwa kuti ndikangotsegula pakamwa, mundawo wapita, chigafa changa chapita, ndipo umwini umene ndaulandira kumenewu watha pomwepo. Ndiye sindinafulumire. Ndinakonza kolala. Ndinayang'ana kumwamba ngati ndikuona za mvula. Ndinapempha madzi akumwa, ndinamwa pang'onopang'ono, ndinapemphanso ena. Ndinafunsa alamu anga ngati akhala bwino pabenchipo. Munthu amene wadikira moyo wake wonse kuti akhale mwini malo ayenera kukhalako pang'ono.

Kenaka ndinati, "Tengani. Koma mphanda za muwanga ndichotsa, si za boma."

Amayi analuluta. Ena akuti m'maso mwanga munali misozi, koma linali fumbi la pasukulu, mukulidziwa.

Mawa lake NyaGondwe ndi anyamata ake anakayeza pamtunda paja. Chitsulo chija chimene chinkalowa m'dambo ngati m'phala, pamenepo chinalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo, chinatuluka utsi, n'kupindika ngati chikwakwa. Anyamata aja thukuta kamukamu, koma NyaGondwe ankangomwetulira, akuti malo olimba chonchi sanawaonepo, ngati wina anachita kuwasungira njanji. Ndinangoti mumtima, apongozi, kani munkaona patali, ine ndimayesa nkhanza. Madzulo ake anadzazula zikhomo zonse pabwalo pano. Cha m'bafa agogo anu anapempha, ndi chija amangirirapo mbuzi.

Nditabwerako kogwetsa chigafa, mphanda paphewa, ndinayang'ana pakhonde. Pampando panalibe kanthu. Ndinalowa m'nyumba, ndinapeza bulangete lija layalidwa pabedi, mbali yanga. Ndinafunsa kuti nanga zokambirana zija zili pati. Agogo anu anati palibe chokambirana, anangolilowetsa chifukwa kunja kuli fumbi.

Sitimayo sinafike mpaka lero. Akuti njanji ikubwera, ndipo ine sindikayika, sitima ndinaiona kutalika kwake, mwina mutu wanyamuka kale. Koma anyamata a kabaza sanadikire. Anayamba kuima pamenepo, amayi a zitumbuwa anawatsatira, wina wamangapo kale kokonzera mafoni. Mlendo akafunsa dzina la malowo amamuuza kuti Pamkamwini. A Yesaya anayesa kuti patchedwe dzina la mbumba yawo, koma dzina likalowa m'kamwa mwa kabaza silitulukanso. Agogo anu amati dzinalo n'loyenera, poti sitimayonso idzakhala mkamwini mnzanga: kubwera kuchokera kutali, kuchita phokoso, kusenza katundu wa eni mudzi.

Zonsezi n'zoona, ndipo dzino nali, likadalipo. Likugwedera pang'ono, inde. Mwina belu la njinga lija silinkalira kwambiri.

Tamverani. Amenewo ndi agogo anu akuitana kuseriko. Mwamva mmene anenera? "Eni malo, mbuzi yamasuka." Amanditchula choncho akafuna kundituma. Chiko, tandipatsa ndodo yangayo ndipite msanga, bulangete lija sanalibwezere m'sutikesi.